Buku lakuchipatala ndi kompyuta: mmene mungasamalire mbiri yanu kuti isasokonekere

Mukapita chipatala chachikulu masiku ano, makamaka ku ART, kolandirira ma ARV, kapena ku OPD, koonera odwala osagonekedwa, ya zipatala zina, musanaonane ndi adokotala mumayamba kaye mwaima pa tebulo la kalaliki yemwe ali ndi kakompyuta kongodina pagalasi. Amakufunsani dzina, chaka chobadwa, mudzi, T/A, kenako kamakina kena pambali kamalavula sitika ya timizere takuda nde amaimata pa buku lanu lija. Ambirife timangolandira buku n'kukakhala pa benchi osafunsanso kuti sitikayo ndiyachani, koma mbiri yanu yonse mu kompyutamo imakoleka pa kasitika kameneko, ndipo kakasokonekera inuyo ndi amene mumavutika, osati kalaliki.

Zinthuzi sizachilendo ngati mmene ena amaganizira. Zinayambira ku Kamuzu Central mu 2001, nthawi imeneyo chikutchedwa Lilongwe Central, pomwe Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika timakompyuta tolembera odwala. Anasankha dala tongodina ndi chala chifukwa ogwira ntchito ambiri anali asanagwirepo kiyibodi, ndipo ankatiyendetsera mabatire poti magetsi athuwa mukuwadziwa. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004 anthu anachuluka koopsa moti makadi apepala okha samakwananso, nde mu 2006 sisitimu ya ART inayamba ku Queens ku Blantyre, kenako n'kufalikira zipatala zina. Mu 2019 ntchito yoyang'anira sisitimuyi inapita m'manja mwa bungwe la ku America la EGPAF ndi ndalama za PEPFAR, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi, ndipo Unduna wa Zaumoyo unakhala ndi ndondomeko yake ya digital health, yogwiritsa ntchito makompyuta pa zaumoyo, ya 2020 mpaka 2025. Pano mukumva za sisitimu yatsopano ya MaHIS, yomwe cholinga chake n'choti wodwala akhale ndi mbiri imodzi kaya wabwera ndi malungo, kaya BP, kaya pathupi. Cholingacho n'chabwino koma sitinafikepo, nde pakadali pano pali zinthu zomwe muyenera kuchita nokha.

Dzina likhale limodzi basi

Apa m'pomwe zambiri zimawonongekera. Kuno munthu mmodzi amakhala ndi mayina atatu, lakusukulu, laubatizo ndi lakumudzi, mzimayi lero atchula la bambo ake mawa la amuna ake, ndiye mukawonjezera vuto lathu la L ndi R lija, Flora ndi Flola, Grace ndi Gresi, kompyuta imaona anthu osiyanasiyana pomwe ndi munthu mmodzi yemweyo. Komanso tangoganizani a Mary Banda ndi a John Phiri alipo angati mu boma limodzi lokha. Kalaliki akalemba dzina n'kutuluka anthu makumi angapo a dzina lomwelo, kunja mzere ukufika pa geti, iyenso ndi munthu, akhoza kungodina woyamba kapena kukulembani ngati watsopano kuti zithe.

Ndiye tengani chitupa cha unzika chija tinalembetsa ku NRB mu 2017, mupatseni kalaliki akopere dzina ndi tsiku lobadwa mmene zalembedwera pamenepo. Ngakhale pachitupapo analakwitsa chilembo ndipo zimakunyansani, kuchipatala gwiritsani ntchito zomwezo mpaka mutakakonzetsa ku NRB, chifukwa chofunika n'choti zifanane paliponse. Agogo amene sadziwa chaka chobadwa, kalaliki amangoyerekeza, palibe vuto, koma chaka chomwe ayerekeza tsiku loyambalo chilembeni mkati mwa chikuto cha buku ndipo muzitchula chomwecho nthawi zonse, osati lero 1948 mwezi wamawa 1952. Mudzi ndi T/A chimodzimodzi. Amafunsa kwanu kochokera komanso komwe mukukhala pano, ziwirizi musazisakanize, kochokera sikusintha koma kokhala kumasintha, nde mukasamuka ku Ndirande kupita ku Bangwe auzeni asinthe.

Sitika ikatuluka iwerengeni pompo musanachoke pa tebulo. Pamakhala dzina, chaka chobadwa, nambala yanu ndi timizere tija. Mukaona dzina si lanu kapena akulembani mwamuna muli mzimayi, nenani nthawi yomweyo mwaulemu, "pepani achimwene, apapa zikuoneka ngati zalakwika pang'ono", kukonza pomwepo n'kosavuta kusiyana ndi kudzakonza patapita chaka zotsatira zamagazi zitalowa kale pa dzina la munthu wina. Ngati kuwerenga kumakuvutani pemphani kalalikiyo akuwerengereni mokweza, palibe chamanyazi.

Kusamala bukulo

Ena akuti poti zonse zili mu kompyuta buku lilibenso ntchito. Ayi ndithu. Bukulo ndi lomwe limalumikiza chipatala china ndi chinzake, ndipo sitika ikakhala bwinobwino kalaliki amangoiwalitsa ndi kamakina kofiira kaja, kuti tii, mbiri yanu yatseguka, osafunsanso mafunso. Koma timizere tija tikafufutika ndi thukuta, mafuta kapena kupindapinda, kamakinako sikawerenga. Nzeru ya amayi athu yokutira buku mu jumbo ya shuga ndiyabwino kwambiri, pitirizani, ingopewani kupinda buku podutsa pa sitika penipeni komanso kulisiya padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Ikayamba kuzilala pemphani akusindikizireni ina ya nambala yomweyo, sitika yokhayo sigulitsidwa.

Nambala yomwe ili pa sitikapo ikopereni penanso, mu foni, mu Baibulo, pa kapepala kosunga limodzi ndi chitupa, kulikonse. Amene muli ndi foni ya kamera jambulani chikuto ndi masamba omaliza omwe adokotala alemba. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 anthu ambiri ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe anathawa ndi zovala zapathupi zokha, mabuku anapita ndi madzi, ndipo pa nthawi ngati imeneyo munthu wodziwa nambala yake kapena dzina la mankhwala ake amathandizika msanga kusiyana ndi wongoti "timapilisi toyera tija". Buku likadzadza n'kugula lina, lakalelo musataye, limangeni pamodzi ndi latsopano, ndipo auzeni amate sitika ya nambala yakale yomweyo.

Zobwerekana mabuku zija tisiye. Ndikudziwa buku limagulidwa ndipo nthawi zina mwana wadwala usiku buku lake silikuoneka nde mumangotola la mkulu wake, koma zomwe alembe tsiku limenelo zikalowa pa mbiri ya mwana wolakwika, sikelo ya wina, mankhwala a wina. Choopsa kwambiri ndi cha mankhwala omwe thupi limakana. Wina Bactrim amamutulutsa zilonda thupi lonse mpaka m'kamwa, wina penisilini amamubanikitsa, zimenezo zimalembedwa m'buku mwake, nde akabwera ndi buku la mnzake dokotala adziwa bwanji?

Buku likatayika

Mawu oyamba kwa kalaliki akhale akuti "ndinalembetsa kale pano, buku ndi lomwe latayika". Musanene kuti ndinu watsopano pofuna kuthawa kukalipiridwa. Mupatseni nambala ngati munasunga, ngati mulibe tchulani dzina, chaka, mudzi ndi T/A zomwe munatchula poyamba paja, afufuze. Akakupezani akufunseni kanthu kena kotsimikizira, monga mwezi womwe munabwera komaliza, kenako asindikize sitika amate pa buku latsopano, mbiri ipitirire pomwe inalekera.

Kwa anzathu omwe ali pa ma ARV nkhaniyi ndiyaikulu kwambiri nde ndikhalitsepo pang'ono. Inu muli ndi nambala inanso ya ART yoyamba ndi zilembo za chipatala chanu, komanso muli ndi mastakhadi, khadi ya mbiri yanu ya mankhwala, yomwe imatsala kuchipatalako. Pali chizolowezi china choti munthu akadumphitsa miyezi, kapena wasamuka osatsanzika, amachita manyazi kubwerera nde amapita chipatala china kukayezetsanso magazi ngati sakudziwa kalikonse n'kuyamba ngati watsopano. Taonani zomwe zimachitika. Kuchipatala chakale kuja, pakatha miyezi iwiri kuchokera tsiku lomwe mankhwala anu amayenera kutha, sisitimu imakuikani pa gulu la osiya mankhwala, komanso amakuimbirani kapena kutuma munthu kunyumba komwe munalozera, zomwe mumathawa zija. Kuchipatala chatsopano nako sakudziwa kuti munayamba liti, munali pa mankhwala anji, viral load yanu yomaliza (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) inali bwanji, kaya munasinthidwapo chifukwa mankhwala ena anasiya kugwira. Akhoza kukubwezerani pa mankhwala omwe analephera kale. Ndipo dziko limakuwerengani kawiri, kwina ngati wothawa kwina ngati watsopano. Kuli bwino kupirira mawu awiri atatu a anesi n'kunena zoona kuti ndinasiya mwezi wakutiwakuti pa chifukwa chakutichakuti, alemba, akulangizani, mupitiriza.

Mukamasamuka

Pitani kuchipatala chanu musananyamuke mukapemphe transifa. Amatseka mbiri yanu bwinobwino kuti mwasamuka, osati mwathawa, n'kukupatsani kalata kapena pepala la mbiri yanu loti mukapereke komwe mukupitako, kumeneko akakulembani ngati wobwera pa transifa. Ngati ndi ulendo chabe, maliro kapena geni, ndipo mankhwala akutherani muli kutali, lowani chipatala chilichonse chopereka ma ARV ndi buku lanu, amatha kukupatsani ongokufikitsani kwanu, koma amafuna aone m'bukumo kuti mumamwa ati. Amene mumayendayenda funsaninso ngati mukuyenera kulandira a miyezi isanu ndi umodzi, zinayamba mu 2019 kwa omwe akumwa bwino ndipo viral load yawo ili pansi.

Musadalire kuti zomwe analemba ku Zomba Central mukazipeza zonse pa kompyuta ya ku Mzuzu Central kapena ya pa health centre yakwanu. Zipatala zina zili ndi sisitimu yolemba wodwala ali pomwepo, zina zing'onozing'ono amalemba papepala kalaliki n'kudzalowetsa pambuyo pake mu yomwe amati eMastercard, zina mbali zambiri ndi mapepala okhaokha, za pulayiveti nazo zili ndi masisitimu awoawo. Ndiye zotsatira za X-ray, sikani, shuga, opaleshoni, onetsetsani kuti zalembedwa m'buku kapena akupatsani pepala.

Opita ku Joni, mvetserani apa. Kompyuta zathu sizilankhulana ndi za kunja. Ku South Africa mbiri ya HIV amasungira mu TIER.Net, ku Zambia ali ndi SmartCare, ku Zimbabwe Impilo, nde sitika yanu ya ku Mangochi ku kiliniki ya ku Johannesburg ndi kapepala chabe. Chinanso, timayina ta ma ARV ta 13A, 5A tija ndi takonkuno. Nesi wa kumeneko mukamuuza kuti ndimamwa 13A akuyang'anani, iwo amadziwa TLD, kutanthauza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Pemphani adokotala alembe mayina enieni a mankhwala pa kalata ya transifa, tsiku lomwe munayamba, ndi viral load yomaliza ndi deti lake, mu Chingerezi, adinde chidindo. Za BP, shuga, khunyu chimodzimodzi, dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Pobwerera kumudzi chitaninso zomwezo, tengani kalata kumeneko.

Akati netiweki yavuta

Izi muzimva ndithu, "sisitimu ili down", magetsi azima, mabatire atha, pepala la masitika latha. Sikuti simuthandizidwa, amabwerera ku cholembera n'kudzalowetsa zinthu zikabwerera m'chimake. Koma pamenepa m'pomwe zina zimatsalira, chifukwa mulu wa mapepala a tsiku lonse umadikira munthu mmodzi. Inu chanu n'choti musatuluke m'chipindamo m'buku musanalembedwe deti la tsikulo, mankhwala omwe mwalandira ndi kuchuluka kwake, ndi tsiku lobweranso. Ulendo wotsatira mufunseni kalaliki ngati ulendo wapita uja unalowa. Zikapezeka kuti sunalowe muonetseni tsambalo alowetse, apo ayi kompyuta izidzati munajomba pomwe munabwera n'kukhala pa benchi mpaka masana.

Ine ndimaona kuti chifukwa chachikulu chosataya buku si magetsi ayi, ndi ndalama. Gawo lalikulu la makompyutawa, ma seva, malipiro a makalaliki ambiri, zakhala zikuchokera kwa opereka thandizo akunja, ndipo tinaona mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa kaye thandizo lakunja mmene mapulogalamu azaumoyo anagwedezekera. Mpaka tsiku lomwe bajeti yathu idzanyamule zimenezi payokha, kope lomwe lili m'manja mwanu lisasowe.

Masiku omwe zonse zikuyenda, ku ART amatulutsanso sitika ina ya ulendo wa tsikulo, pamakhala sikelo yanu, mankhwala ndi tsiku lobweranso. Iyang'aneni nayonso. Tsikulo likagwera pomwe simungathe kubwera, kaya ndi tsiku la msika kaya mayeso, nenani pompo asinthe mu kompyuta. Nambala ya foni mukasintha auzeni, ndipo ngati foniyo mumagwiritsa ntchito anthu awiri kapena simukufuna kuyenderedwa kunyumba, nenaninso alembe, si mlandu.

Ana ndi alangizi akumudzi

Mwana akabadwira kuchipatala nthawi zambiri amalembedwa ndi dzina la mayi ake poti dzina lake limakhala lisanaperekedwe. Mukamutcha dzina, ulendo woyamba wa kusikelo kalembetseni, ndipo likhale lomwelo lomwe mwalemba pa fomu ya kalata yakubadwa ya NRB. Mapasa samalani kwambiri, Chimwemwe ndi Chisomo obadwa tsiku limodzi, mayi mmodzi, mudzi umodzi, n'zosavuta katemera wa wina kulembedwa kwa mnzake, nde perekani buku limodzi ndi mwana wake, amalize, kenako linalo.

Alangizi a zaumoyo m'maboma ena akuyenda ndi matabuleti kapena mafoni kulemba mabanja khomo ndi khomo, imeneyo ndi iCHIS. Si kalembera wa feteleza kapena wa Mtukula Pakhomo, nde kuwonjezera ana oti kulibe sikukubweretserani kalikonse, kumangosokoneza chiwerengero cha katemera. Mphekesera zoti timizere ta pa sitika ndi chizindikiro cha 666, abale, timizere tomweto tili pa botolo la mafuta ophikira, tangonyamula nambala basi. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi za zipatala zimapita ku DHIS2, sisitimu yopangidwa ku University of Oslo yomwe maiko ambiri akugwiritsa ntchito, ndipo malipoti amenewa amakhala manambala, odwala malungo angati, obereka angati. Boma limayang'ana manambala ngati amenewa pokonza zoti kutumizidwe zinthu zochuluka bwanji, nde kulembedwa kawiri kapena kusalembedwa kumene kumakhudzanso shelefu ya ku famase.

Nanga chinsinsi?

Funso ili anthu amafunsa kwambiri ndipo ali ndi chifukwa, poti kalaliki uja mwina mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Wogwira ntchito aliyense amalowa mu sisitimu ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo kumbali imeneyi kompyuta ikuposa faelo yapepala yomwe aliyense wodutsa akhoza kuvundukula. Malamulo aliponso. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wazaumoyo kuulula zoti munthu ali ndi kachilombo mwachisawawa, ndipo Data Protection Act ya 2024 imaika nkhani zaumoyo m'gulu la zinthu zofunika kutetezedwa mwapadera, oyang'anira lamuloli ndi a MACRA. Koma lamulo silitseka pakamwa pa munthu, nde inunso chitanipo mbali yanu. Ngati kalaliki akufunsa mafunso mokuwa anthu ali phee kumvetsera, sunthirani pafupi muyankhe motsitsa kapena mupatseni chitupa awerenge yekha. Zithunzi za buku zomwe ndanena zija zisakhale poti aliyense wobwereka foni aziona, ndipo musaponye tsamba la buku la wodwala pa gulu la WhatsApp la banja popempha thandizo la ndalama, jambulani lisiti ya mtengo yokha ngati akufuna umboni. Wina akaimba kuti ndi wakuchipatala akufuna PIN ya Mpamba kapena Airtel Money kuti akonze mbiri yanu, dulani foni, ndi wakuba ameneyo.

Mukatsimikiza kuti wogwira ntchito waulula za matenda anu, lembani tsiku, malo, ndi amene anamva, kenako yambani kwa in-charge wa pamalopo. Zikapanda kuyenda, zipatala za boma zili ndi Hospital Ombudsman wolandira madandaulo, nambala yake kawirikawiri imamatidwa pakhoma kapena pa bolodi la zidziwitso. Ngati ndi dokotala kapena clinical officer nkhani ikhoza kupita ku Medical Council of Malawi, ngati ndi nesi kapena mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Mukapeza kuti muli ndi manambala awiri chifukwa munalembetsapo kawiri m'mbuyomu, tengani mabuku onse awiri ndi chitupa, pitani tsiku lopanda anthu ambiri, chakumasana mzere utatha, mufunse kalaliki wa data. Muuzeni nambala yomwe ili ndi mbiri yaitali, apemphe oyang'anira sisitimu aphatikize ziwirizo, ndipo sitika inayo aikhwatche kuti isadzawalitsidwenso.